Utsi wa pa Bowo Lachitatu

Umakaniko ndinauphunzira ku Malawi tili othawa nkhondo, ndipo titabwerera kwathu ku Chiwanga, kutsidya kwa nyanja, ndinabwera nawo pamodzi ndi mtima wanga wapachala. Munthu akanyoza ntchito yanga, tsiku lonse ndimayenda nazo m'khosi.

Moyandikana nafe munali bambo wina wachikulire, Msilamu, mnzawo wa malemu bambo anga. Anali ndi galimoto yakale ya m'nthawi ya Apwitikizi, yomwe inali itakhala zaka pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Paunyamata wawo iwonso anali makaniko, koma tsopano maso anali atachita khungu. Anandipempha kuti ndiidzutse injini yake, kuti akaone mwana wawo wamkazi ku Lichinga pa Idi atakwera galimoto yawoyawo, osati chapa, minibasi ya matola.

Nditaimasula ndinapeza kuti njira yotenga oilo kuchokera ku pampu kulowa m'buloko, thunthu la injiniyo, inali yopanikizika kwambiri. Ndinawauza kuti ndikufuna kuikulitsa pang'ono ndi chiboolero chachitali.

"Mesitiri, chitsulo ukaboola sichibwerera," iwo anatero. "Buloko ngati iyi simudzaipeza m'chigawo chonse cha Nyasa. Kaya, mwina mafundi a ku Malawi, amisiri inu, mumadziwa zoposa amene anaipanga."

Anali kuseka, koma ine zinandipweteka. Tinakangana masiku awiri, kenako anandilola. Ndinaboola bwinobwino. Ndinatsuka njira zonse ndi parafini, kupisamo waya, kupopamo mpweya ndi pampu ya njinga, chifukwa tizidutswa ta chitsulo tikatsalira m'katimo timatseka oilo. Pomaliza ndinakhomera zotsekera kumapeto kwa njirazo.

Kwathu kulibe makina oyezera. Akale ankayesa ndi utsi: umakoka fodya, n'kuuzira polowera oilo, utsiwo uzitulukira pa mabowo atatu pomwe pamagona shafuti yaikulu. Bamboyo ankachita okha zimenezi pa injini iliyonse, ngakhale sankasuta. Koma unali mwezi wa Ramadhani, dzuwa lili pamutu, ndipo iwo anali akusala.

"Utsi suloledwa pakamwa panga mpaka dzuwa lilowe," anatero. "Uzira ndiwe, mwanangu. Ukhalenso maso anga."

Ndinapichira fodya, ndinakoka, ndinauzira. Pa bowo loyamba utsi unatuluka tolotolo. Pa lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachitatu, lakumbuyo, kanatuluka kochepa, kaulesi, ngati ka nkhuni zaziwisi. Ndinauziranso mpaka chizungulire. Sikanasinthe.

"Watuluka monse?" anafunsa.

Ndinadziwa tanthauzo lake. Tizidutswa ta kuboola kwanga tinali titakhala pamenepo. Kukonza kwake kunali kosavuta: kuzula chotsekera, kutsukanso, tsiku limodzi basi. Koma kutero kunali kuvomera kulakwa pamaso pa munthu amene anandiletsa kuboola, ndipo mawu aja a mafundi a ku Malawi anali akundiyabwabe. Ndinadziuza kuti oilo akatentha adzakankha yekha.

"Monse, bambo," ndinayankha.

"Alihamudulila," anatero, n'kusisita bulokoyo.

Injini inalira tsiku lachinayi. Inalira mokoma moti amayi oyanika usipa anasiya matandala awo kudzaonerera. Bamboyo anagunditsa khutu pa boneti, misozi ili m'maso. Ine ndinkamvetsera kumbuyo kwa injini. Nthawi yonena inalipobe, koma manyazi anapha lambe.

Ananyamuka kutatsala tsiku limodzi kuti Idi ikwane, mphwawo akuyendetsa, kumbuyo atakweza matumba awiri a usipa ndi mbuzi. Anadutsa Metangula bwinobwino. Pa chitunda choyamba chokwera kumapiri injini inayamba kugogoda, kenako inangoti zii. Idi anadyera m'mbali mwa msewu. Galimotoyo inabwera mawa lake ikukokedwa ndi lole ya makala.

Ndinaimasula ndekha, ndinakana aliyense kundithandiza. Beyaringi yakumbuyo inali itasungunuka n'kumatirira ku shafuti, ndipo buloko inali itang'aluka pamenepo. Nditapisa waya pa bowo lija panatuluka tizitsulo topotana, tonyezimira, tosadzaza ndi chikhadabo chomwe. Ndinatitaya m'nyanja.

Bamboyo anabwera akupapasa ndi ndodo. Anayendetsa chala pa mng'aluwo, kuchokera uku mpaka uko, kwa nthawi yaitali. Ndinali nditakonzeka kuti andilalatire, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Usadandaule, mesitiri," anatero. "Chitsulo chinatopa. Iwe unachita mbali yako, utsi unauona wekha. Ndine ndinakakamiza nkhalamba inzanga kukwera phiri."

Ndinangoti, "Pepani, bambo," ndipo iwo anamva ngati ndikuwapepesa pa tsoka.

Papita zaka, galimotoyo inabwerera pansi pa mango. Kangapo ndanyamuka kuti ndikawauze bamboyo zoona, koma ndimakathera kufunsa za mwera ndi mitengo ya usipa. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti asodzi ochokera mpaka ku Lunho amabwera ndi mainjini awo pakhomo panga, ndipo ndikawafunsa amene wawalozera, amati ndi mkulu wosaona uja. Amawauza kuti, "Pitani kwa mwana uyo. Akaona chinthu, amanena."