Tsiku Limene Hawkins Zuze Anavula Shati

Anthu ena ku Ndirande mpaka lero akamva dzina la Hawkins Zuze amapotoza milomo. Apotoze. Ine Ramsey, amene ndinkamugulitsa matabwa pamsika kuyambira nthawi imene ndale tinkazikamba monong'ona, ndilemba zimene ndinaona ndi maso angawa. Amene zimuwawe abwere, pamene ndimakhala akupadziwa.

Hawkins anali kalipentala. Makolo ake anachokera ku Mozambique n'kukhazikika ku Nsanje, koma iye ndi mng'ono wake Steve anakulira m'tauni muno. Shedi yake inali kuseri kwa msika, ndipo bedi limene iye wakhoma silinkalira ngakhale ana alumphepo tsiku lonse. Manja anali nawo. Chimene analibe ndi mabuleki.

Sindikunena za chimasomaso wamba chimene amuna amanyadira pa bawo. Chake chinali matenda. Matipate atabwera zinthu zinamasuka, ndipo cha ku Chinseu kunatsegulidwa tinyumba ta vidiyo toonetsa zolaula masanasana. Hawkins ankatha kusiya thabwa atapala theka, kasitomala ali chiimire, n'kunena kuti akukagula misomali. Akachoka kuvidiyo ankalowera kuresitihausi ina ya kuseri kwa mabala. Ankabwerako wopanda misomali, n'kukhala pabenchi ngati munthu wochokera kumanda.

"Aise, kodi chimakukomera n'chiyani?" ndinamufunsa tsiku lina nditapsa mtima, chifukwa mkazi wake Modesta anali atadutsa pamalo anga akumufunafuna, mwana wodwala ali kumbuyo.

"Kukoma kunatha kale, Ramsey," anatero. "Ndimapita ndikudzitukwana. Ndimabwera ndikudzitukwana. Koma miyendo imapitabe."

Ndinamutukwananso ineyo, kuti zikwane bwino.

Mu 1995 anapita kukasiya chitseko ku Makata, n'kupeza anthu a m'mafakitale atasonkhana pansi pa mtengo nthawi yopuma masana, akupemphera maovolosi ali m'thupi. Bambo wina wowotcherera zitsulo ankapereka umboni wa zinthu zonga zake zomwezo, mosabisa kanthu. Hawkins anakhala pansi. Mawa lake anapitanso. Kenako anayamba kupemphera kukatchalitchi kena ka mabenchi opanda poyedzamira, ndipo anamuuza Modesta zonse. Modesta anamanga katundu n'kupita kwa mchemwali wake ku Bangwe. Anabwerera mvula itatha.

Musamvere anthu amene amati munthu akalandira Yesu zonse zimatha sabata yomweyo. Hawkins anagwanso, ndipo osati kamodzi. Tsiku lina anabwera pamalo anga maso ali psuu.

"Ramsey, Mulungu anakupatsa kukamwa kwakukulu. Pamalo pakopa umaona mphambano yopita ku Chinseu. Ukandiona ndikukhotera uko, kuwa."

"Ndikuwe kuti chiyani?"

"Chilichonse. Bola ndimve."

Ndiye ndinkakuwa. "Zuze! Misomali ili kuno!" Msika wonse unkaseka, amayi a tomato mpaka kugwetsa milu. Iye ankaima pamphambanopo thukuta lili kamukamu, milomo ikutakataka ndi pemphero, kenako n'kutembenuka. Anazula chitseko cha shedi yake kuti aliyense wodutsa aziona amene walowamo. M'mawa ankagwada pautuchi asanagwire sowo. Pofika 1997 ndinali nditasiya kukuwa, chifukwa pamphambano paja ankangodutsa mutu uli kutsogolo.

Chaka chomwecho Steve anagundidwa ndi minibasi akupita kuntchito. Anali munthu wofatsa, wa mkazi mmodzi, ndipo anasiya mkazi wakeyo Ida, mtsikana wa kwaya wobadwira ku Zingwangwa, ndi khanda loyamwa. Bokosi analikhoma Hawkins yemwe, ndi matabwa anga abwino kwambiri.

Titaika maliro, abambo awo aakulu amene anabwera kuchokera ku Nsanje, a Zuze aakulu, ananena kuti sabwerera kumudzi mpaka kupita kufa kuchitike. Kwa amene simukudziwa: kwawoko mwamuna akamwalira, m'bale wake amayenera kulowa m'nyumba ndi wamasiyeyo kuti imfa ichoke pabanja. Zisanachitike zimenezo, amati wamasiye asathire mchere m'ndiwo za anthu, ndipo achibale onse asagone ndi akazi awo, apo ayi wina atupa, wina atsokomola, maliro atsatizana. Ida anamulowola, ndiye ankati alibe mawu.

"Tivutikiranji kufuna munthu waganyu?" anatero a Zuze aakulu. "Katswiri wa ntchito imeneyi tili naye kale m'banja. Mbiri yake inafika mpaka kumudzi."

Amuna anaseka. Mwa iwo okha ankaona ngati akumupatsa Hawkins ntchito yophweka kuposa zonse, mwinanso mphatso.

M'mawa mwake anandipeza ndikuyala matabwa. Nkhope yake ndinaizindikira, inali ya masiku a misomali aja.

"Chinthu chija chadzuka," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi chinali tchimo, aliyense ankandidzudzula. Lero akuluakulu akuchita kundipempha. Akuti ndipulumutsa banja. Ndipo Ramsey, Ida ndinkamuyang'ana kale Steve ali moyo. Thupi langali likufuna."

"Ukawauze kuti mpingo sulola!"

"Ndawauza. Akuti ndikalapa Lamulungu, Yesu sathawa."

Kenako anandikokera kuseri kwa mulu wa matabwa n'kukweza shati. Kuchokera pamsana mpaka pamimba panali zipsera za mashingozi, ngati wina anamukulunga ndi lamba wamoto. Masiku amenewo ku Ndirande ngakhale mwana ankadziwa tanthauzo lake.

"Ndinakayezetsa magazi. Akudziwa ndi Modesta yekha, ndipo nayenso ndinamupatsira. Ndikalowa m'nyumba muja, Ida ndamupha, pamodzi ndi mwana akuyamwayo."

Ndinangoti, "Ndiye ndikuwe pati?"

"Uku kulibe mphambano," anatero. "Ungobwera."

Masana achibale anasonkhana pabwalo la nyumba ya Steve ku Goliyo. Sanandiitane koma ndinapita, n'kukhala panjerwa pafupi ndi geti. Amuna anali pamipando, amayi pamkeka. Ida anali chapatali yekha, mutu atauweramitsa, mbale yake ili payokha ngati ya munthu wakhate.

"Hawkins, mwana iwe," anatero a Zuze aakulu, "anthu atopa. Amunawa akufuna kubwerera kwa akazi awo. Lero zithe."

"Bambo, sindichita."

"Sukuchita? Iwe? Mahule a m'tauni muno onse akukudziwa dzina, lero ukuchita manyazi ndi ntchito ya makolo ako?"

"Munthu mukunenayo ndinamusiya kwa Yesu, bambo. Ndikamutenganso lero, sindidzamubwezanso."

"Yesu wakoyo adzaika maliro athu ife tikayamba kutupa?"

Mlamu wina wa mano otuluka anaponyapo yake: "Kapena zida zinatha ntchito, achimwene? Nenani, tikupezereni mankhwala." Anasekanso.

Hawkins anayang'ana Modesta. Modesta anali atagwira chitenje pakamwa, koma anagwedeza mutu pang'ono. Pamenepo Hawkins anaimirira, n'kumasula mabatani limodzilimodzi, n'kuvula shati pamaso pa abambo ake, pa azilamu ake, ndi pa anthu oyandikana nawo amene ankasuzumira pampanda. Anatembenuka pang'onopang'ono kuti aliyense aone.

"Imfa imene mukufuna kuichotsa m'nyumba muno ndi imeneyi," anatero. "Mukunditumiza kuti ndikailowetse."

Wa mano otuluka uja anakokera mpando wake kutali.

Ida ndiye anayamba kuyankhula, koyamba chiikireni maliro. "Alamu, valani shati. Ndamva."

Mukuganiza kuti a Zuze aakulu anagwa pansi n'kuthokoza? Analavula. Anati Hawkins wachititsa manyazi mtundu wonse, ndipo aliyense amene amwalire m'banjamo kuyambira tsiku limenelo magazi ake ali pamutu pa iye. Anati atumiza uthenga kumudzi kuti kubwere munthu waganyu amene amayenda m'maliro kugwira ntchito imeneyi.

Apa ine ndinalephera kudzigwira. "Waganyu wanuyo mwamuvula shati?" ndinakuwa. "Wagona ndi amasiye angati chaka chino chokha? Inu madala, imvi zimenezo n'za nzeru kapena ndi ufa wakuchigayo?" Anyamata awiri ananditulutsa pageti atandigwira m'khosi. Sindikupepesa.

Waganyuyo atafika sanamupeze Ida. M'mawa wotsatira msonkhano uja, ine ndi Modesta tinali titamukweza minibasi yopita kwa azakhali ake ku Machinjiri, ali ndi mwana ndi kamtolo ka zovala basi. Mipando, wailesi, mapoto, ngakhale bedi limene Hawkins anawakhomera paukwati, zonse zinakwera lole kupita ku Nsanje.

Nkhani ya shati inazungulira Ndirande tsiku lisanathe. Anthu anasiya kugula mabedi kwa Hawkins, ngati matendawo amakhala m'thabwa. Ankangobwera ofuna mabokosi a maliro, chifukwa wakufa sasankha, ndipo ofuna mabokosi zaka zimenezo anali ambiri. Kutchalitchi ena anamuyamikira, koma benchi imene iye wakhala inkakhala ndi malo ambiri. Miyezi ingapo itapita, mwana wa mlamu wa mano uja anamwalira ndi malungo, ndipo achibale anatumiza mawu akuti Hawkins ndiye wamupha pokana mwambo. Mawu amenewo anamudya kuposa chifuwa chimene chinali chitayamba kumuvuta.

Ndinamufunsa tsiku lina, ataonda mpaka hamala ikumulemera, ngati sankadandaula.

"Masiku ena ndimadandaula," anatero. "Chinthu chija sichinafe, Ramsey, ngakhale thupi latha chonchi. Ndimadzuka nacho, ndimagwada nacho. Koma sichinditumanso."

Anamwalira mu 1999, nthawi ya dzinja. Kuchokera ku Nsanje sikunabwere munthu, ngakhale uthenga wa pepani. Bokosi lake analikhoma kalipentala wina wa manja olemera, ndipo chivundikiro chake chinkasiya mpata pakona. Ndinamutukwana mpaka abusa anandigwira mkono. Munthu amene anakhomera Ndirande yense mabokosi owongoka, kumuika m'chinthu chokhota!

Modesta nthawi imeneyo sankatha kuima nthawi yaitali, ndiye kuphika kunagwera amayi a mpingo ndi oyandikana nawo. Tikuchokera kumanda ndinaona kuti pakati pawo pali Ida. Anali wonenepa bwino, kamtsikana kake kakuthamanga m'miyendo ya anthu. Anatenga mchere m'dzanja n'kuthira mumphika wa nyemba pamaso pa onse.

Amayi ena amene kwawo ndi ku Nsanje komweko anayang'anizana. Ankadziwa kuti mwambo uja sunachitike. Mbale zitafika kwa amuna, ambiri anayamba kupenya kumwamba, wina akuti wadya kale, wina akuti m'mimba simuli bwino.

Ndinakoka mbale imodzi n'kudya ndili chiimire, pakati pa bwalo, kuti aliyense aone. Nditamaliza ndinatenga ya munthu wa m'mimba uja n'kudyanso.

"Alamu," ndinakuwa, "mchere wachepa. Onjezerani."

Ida anaseka pang'ono, kenako anakhala pansi pafupi ndi Modesta n'kuyamba kulira. Modesta tinamuika chaka chisanathe. Ana awo awiri anawatenga Ida.