Mmene chuma cha alamu chinawambira milamba

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anabwera kuchokera ku Joni ndi zinthu zitatu: injini ya boti, foni yaikulu ngati mbale ya ndiwo, ndi pakamwa. Injiniyo inali yabwino, sindinganame. Koma pakamwapo, abale, pankayenda popanda petulo. Mukawapatsa moni m'mawa, yankho limatha dzuwa lili pamutu, ndipo nkhani yake inali imodzi yokha, kiripito.

Ngati simukuidziwa, kiripito ndi ndalama zoti simungazigwire, simungazinunkhize, simungazimange pa mfundo ya chitenje. Zimakhala m'foni, m'kathumba kosaoneka kamene eni ake amati waleti. Lero zakwera, mawa zagwa, mkuja zagweratu, ndiye ukafunsa kuti wazigwetsa ndani amati ndi msika. Msika wake uti? Wa ku Khombedza ndimaudziwa, tomato akadula timadziwa kuti mvula yaononga. Uwu wa alamu unalibe ndi shedi yomwe.

Ankakhala pa tiyirumu ya pafupi ndi mzikiti, mwendo pamwamba pa unzake, kapu imodzi ya tiyi kuyambira m'mawa mpaka azana ya masana, akuphunzitsa asodzi otopa amene sanapemphe sukulu.

"Zikatsika, gula. Zikatsikanso, gulanso. Osagulitsa. Wogulitsa ndi wamantha."

"Nanga mumadya liti, alamu?" ndinafunsa ine.

"Iwe mlamu, mutu wako ndi wa usipa. Umaona pafupi."

Anayesapo kulipira tiyi ndi kiripito. Mwini tiyirumu anawauza kuti palibe vuto, mawa adzamwe tiyi wa m'foni momwemo. Anayesanso kugombe, boti lawo litakocheza ndi usipa. Anaimirira pamwamba n'kulengeza kuti kuyambira lero boti lino likulandira ndalama zamakono. Amayi ogula nsomba, aja amabwera ndi mabeseni, anangowayang'ana. Mmodzi anamasula mfundo ya chitenje, n'kuonetsa ndalama zake zamapepala, zakuda, zonunkha nsomba.

"Bambo, ine ndili ndi izi. Ngati zikukunyansani, boti lina lakocheza apo."

Alamu analandira ndi manja awiri. Dziko lamakono linadikira kaye.

Zonsezi zikanangokhala zoseketsa pakanapanda achemwali. Achemwali amalima mpunga ku Maganga, m'munda umene mayi anatisiyira. Amene sanalimepo mpunga asandiuze za ntchito. Matope mpaka m'maondo, misundu, mbalame zoti umazikuwa mpaka mawu kutha. Chaka chimenecho mpunga unachita bwino, ndipo achemwali atagulitsa anali ndi cholinga chimodzi, firiji yaikulu ija yogona, yotsegula pamwamba. Ankafuna aziumitsa ayisi wogulitsa kwa ogula chambo, ndi mafirizesi a ana asukulu, kuti msana upumeko.

Alamu anayamba kuwazungulira ngati mphaka wamva fungo la utaka.

"Mayi a mwana, kwacha ikugwa tsiku ndi tsiku. Ukasunga m'chitini, pofika nthawi yotentha ugula chitseko cha firiji chokha. Ndipatse ndiike mu waleti. Tigula awiri, ina uziikamo mapazi."

Za kugwa kwa kwacha sananame, apo pokha ndiwapatse ulemu. Achemwali anakana, anakana, kenako anatopa, chifukwa pakamwa paja ngakhale mwala ukhoza kuvomera kuti upume.

"Chabwino. Kutentha kukamayamba, firiji ikhale m'nyumba muno. Zina zonsezo sindikufuna kumva."

"Inshallah," anatero alamu, ndipo ine ndinamvera chisoni mawu amenewo chifukwa cha katundu amene anawasenzetsa.

Tsopano mvetsetsani apa. Waleti ukamaitsegula koyamba imakupatsa mawu khumi ndi awiri achingerezi, osagwirizana, ngati a munthu wobwebweta ndi malungo. Mawu amenewo ndiwo kiyi. Foni ikatayika, umawalemba pa foni ina motsatana mmene anabwerera, ndalama zako zonse n'kutulukira. Wina akawaona, watenga zonse. Ukawataya wekha, kulibe ofesi yokalira, kulibe manejala, kulibe ejenti wa pansi pa ambulera woti umugwire malaya. Izi alamu anatiphunzitsa mpaka mbuzi za kwathu zikanakhoza mayeso.

Chimene sanatiuze ndi kumene anabisa mawuwo. Ankangodzitama.

"Papepala ayi, chiswe chidya. Pafoni ayi, akuba a pa intaneti. Kwa mkazi ayi, akanena pa mjigo. Kwa iwe mlamu ndiye ayi wamkulu, ungagulitse ndi chipisi cha pa chiwaya."

M'mutu sanatchule, ndipo ine ndinamvetsa. Malo munalibe.

Tinangoona khalidwe lasintha. Pansi pa boti pamakhala matabwa oyala, opondapo, amene alovi, anyamata okoka ukonde aja, amawanyamula akafuna kukapa madzi. Alamu analetsa. Aliyense wogwira thabwa ankakalipiridwa ngati wagwira mkazi wa mwini. Madzi ankakapa iwo okha, boti likakhala lopanda anthu. Alovi anagwirizana kuti abwana aikamo mankhwala oitanira nsomba, ndipo ankadandaula kuti sing'anga wake anawabera, chifukwa usipa sunachuluke.

Inafika nyengo ya Mwera, mphepo ija imasandutsa nyanja kukhala phiri. Boti linayamba kumwa madzi kuposa ng'ombe, matabwa apansi anali atafumbwa, mlovi wina phazi linalowa mpaka m'kakolo. Alamu ankangoti tikonza, tikonza. Kenako anavala jekete n'kukwera minibasi wa ku Lilongwe, ati kuli msonkhano wa akuluakulu a kiripito ku hotela, kumene amaphunzitsa kulemera kwa amene walipira pakhomo.

Ali konko, alovi anabwera kwa achemwali. Anati iwo ali ndi ana, m'boti limenelo salowamo ndi Mwera uyu. Boti likagona pamtunda, pakhomo palibe ndiwo. Achemwali anachita zimene munthu wamutu aliyense akanachita, anaitana mmisiri wa maboti. Mdalayo anabwera ndi sowo ndi phula, anamata ming'alu, anazula matabwa onse ofumbwa, n'kuyala atsopano oyera ngati mano a pa chikwangwani.

Ndiye kwathu kuno pali chizolowezi. Boti likakonzedwa, matabwa akale sakhalanso a mwini boti. Amaunjikidwa pamchenga, wofuna amatola, safunsa munthu. Nkhuni kunyanja n'zosowa, thabwa siligona pamchenga kawiri. Izi amadziwa mwana aliyense, ndipo alamu anabadwira pompano, Joni anangopitako kukagulitsa m'shopu.

Anabwerera ndi foni ina, yatsopano, yaikulu kuposa yoyamba, iyi ndiye thireyi. Ku msonkhano anawauza kuti yakale ija ndi yosatetezeka, ndiye anaifufuta zonse n'kuigulitsa konko.

"Ndalama za achemwali zili m'foni mwagulitsayo?" ndinafunsa.

"Foni ndi chitini chabe, mlamu. Chuma chili m'mawu. Tiye ukaone mmene anthu ophunzira amachitira."

Tinatsetsereka kugombe, iwo patsogolo ndi jekete lawo. Atafika pa boti anasuzumira. Anayang'ana matabwa oyera aja. Ananyamula limodzi, kulitembenuza, kunsi koyera. Lachiwiri, koyera. Anagwada n'kuyamba kuwatembenuza onse ngati mayi wofuna ndalama pansi pa mphasa. Ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Joni, pakamwa paja panazima.

Apa ndi pamene tinadziwa. Akatswiri athu anatenga penti wofiira n'kulemba mawu aja kunsi kwa matabwa a boti, thabwa lililonse liwu lake, kuyambira kumutu mpaka kumatako a boti kuti asasokoneze ndondomeko. Chuma chonse cha mpunga anachisungitsa kwa matabwa ofumbwa, onyowa tsiku lililonse, opondedwa ndi alovi.

Anathamangira kunyumba, ine pambuyo, chifukwa filimu yotere sulipira.

"Wakuuza ndani kuti ukonze boti langa?"

Achemwali anali akupeta mpunga. Sanaimitse lichero.

"Boti lanu limamira. Mumafuna ana a eni akafere m'madzi?"

"Matabwa ali kuti?"

"Ati? Ofumbwa aja? Mufuna muphikire?"

Alamu anafotokoza, mawu akutuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wa boma. Lichero linaima. Achemwali sanakuwe, ndipo ine ndimawadziwa, akapanda kukuwa ndiye kwaipa.

"Ndiye mukuti mpunga wanga munaulemba pansi pa mapazi a alovi, ine mkazi wanu osandiuza, poopa mjigo."

"Ndi chitetezo, mayi a mwana."

"Pitani mukautole."

Mmisiri anati zolemba zofiira anaziona, ankayesa ndi ana. Za amene anatola, anati iye si mlonda wa zinyalala. Ndiye kunayamba ulendo umene mudzi wathu sudzaiwala. Munthu wa jekete, wobwera ku hotela, khomo ndi khomo, kupempha kuona matabwa. Awiri tinawapeza pa khola la mbuzi, alamu anagona chagada m'zitosi kuti awerenge, tonde akuwanunkhiza khutu. Limodzi linali benchi pa vidiyo sho, anadzutsa anthu filimu ili pakati, anatukwanidwa mpaka makolo awo. Ena anali chitseko cha chimbudzi cha bambo wina wovuta, amene anati aone okha mkati, ndipo anakhalamo nthawi yoti tinayamba kuganiza zokaitana anthu. Zonsezi akubisa ndi dzanja kuti wina asawerenge, mawu oti akhala pa chimbudzi sabata yathunthu, aliyense wolowa akuwayang'ana mwachifatse.

Tinapeza asanu ndi anayi. Atatu otsala, mwana wina anati anawaona pamutu pa mayi wowamba nsomba kumapeto kwa gombe. Tinawapeza mayiwo ali pa uvuni wawo, utsi uli tolotolo, milamba ili ndandanda pa waya, yofiirira bwino.

"Mayi, munatola matabwa a boti langa?"

"Eya, bambo. Zikomo kwambiri. Ouma bwino, a phulaphula, sanavute kuyaka."

"Onse?"

"Lomaliza ndi ilo."

Alamu anasuzumira mu uvuni. Munali makala.

"Simunaone zimene zinalembedwapo? Ngakhale chilembo chimodzi?"

"Ine sukulu ndinalekera panjira, bambo. Koma zinali zofiira. Mugula mlamba?"

Ndinagula ine. Unali wokoma, ndipo ndimauza anthu mpaka lero kuti ndinadyapo nsomba yodula kuposa zonse m'Malawi muno.

Matabwa asanu ndi anayi aja anawaombola, ena ndi ndalama, ena ndi matabwa atsopano, n'kuwasenza kupita nawo kunyumba. Vuto linali lakuti ngakhale amenewo sankadziwa kuti loyamba ndi liti, chifukwa manambala sanalembe, ankadalira boti. Ankawayala pabwalo, kuwasinthasintha, kuyeza m'litali, kununkhiza kuti la kufupi ndi injini limveke petulo. Mawu atatu opsa aja ankangolota. Lero akuti linali lokhudza nyama, mawa akuti ayi, linali ngati chipewa. Foni inkangokana. Kunapezekanso wina pa intaneti wolonjeza kutsegula waleti akatumiziridwa kaye kangachepe, ndipo alamu anayamba kuyang'ana mbuzi za achemwali. Achemwali anangoti, "Yesani," nkhani inathera pomwepo.

Chopweteka kwambiri n'chakuti ndalamazo zimaoneka. Nambala yolandirira ya waleti inatsala mu uthenga umene anatumizira mnzawo, ndiye ukailemba pa intaneti umaona zonse zili phee, ngati nsomba mu galasi. Mwezi umenewo zinakweranso. Alamu, mopanda manyazi, anabwera kudzaonetsa.

"Waona, mayi a mwana? Ndinanena ine. Panopa ndi mafiriji awiri ndi theka."

"Tulutsani theka lokhalo," anatero achemwali.

Kutentha kunafika, kuja kwa ku Salima koti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ogula chambo ankafunsa ayisi, ana asukulu ankagula mafirizesi kwa mayi wina wa kutsidya kwa msewu. Lachisanu lina alamu ali ku mzikiti, achemwali anandiitana, anaitananso ankhoswe kuti aone ndi maso awo pasadzakhale nkhani yakuti taba. Tinatsikira kugombe ndi sipanala. Injini ya ku Joni ija tinaimasula, kuikweza pa njinga ya kabaza, ulendo wa ku Chipoka, kumene kunali munthu amene ankaisirira kalekale. Dzuwa lisanalowe, firiji inali ikutsika pa lole pakhomo, yoyera, yaitali ngati bokosi la munthu wolemera.

Alamu anafika, anaona firiji, anamwetulira, akuyesa mwina kwachitika chozizwitsa. Kenako anaona sipanala m'manja mwanga.

"Injini yanga?"

"Ilipo," anatero achemwali. "Ili ku Chipoka. Mukhoza kumapita kukaiona, simungaigwire basi. Si mmene zimakhalira ndalama zamakono?"

Ankhoswe anatsokomola, n'kunena kuti iwo sakuonapo mlandu.

Masiku ano boti la alamu limayenda ndi nkhafi, ndipo mapewa awo akula bwino. Ku tiyirumu amapitabe, amauza anthu kuti iwo ndi osunga chuma enieni, sanagulitsepo ngakhale kamodzi. Pamenepo sanama.

Pansi pa nyumba ya achemwali pamachita chinyezi, ndiye wogulitsa firiji anati isakhale pa simenti, tiikhazike pa chinachake. Achemwali anayang'ana uku ndi uku, n'kutuma ine kukatenga matabwa aja kuseri. Ali pomwepo mpaka pano, zolemba zofiira zili pansi. Alamu akafuna kuyesanso mwayi wawo amayenera kupempha kuti tinyamule firiji, ndipo achemwali amati adikire ayisi ayambe wauma.