Pokumba Manda a Malume

Ndinadzuka kusanache, chifunga cha ku Kandeu chitakuta minda ya mbatatesi. Amayi a mvano amene anachezera kuimba anali atasasa mawu, ndipo kuseri moto wophikira unali utayamba kufuka. Adzukulu anaima pabwalo ndi makasu, kudikira wowalozera pokumba. Ndinacheuka kufuna munthu wamkulu, koma onse ankayang'ana ine.

Malume anali mlangizi wa zaulimi. Atapuma ntchito, aphunzitsi ndi anamwino ankabwera kudzakhala nawo pakhonde akathedwa nzeru ndi ntchito zawo. Sankapereka yankho, ankangofunsa mafunso mpaka munthu adziyankhe. Ankati munthu amakula kawiri: poyamba amaphunzira kumvera, kenako amaphunzira kusankha yekha n'kusenza zotsatira zake. Ine zinkandinyansa. Nditafuna kusiya ntchito ku Blantyre ndinawonongera thiransipoti kudzafunsa nzeru, iwo n'kundibweza ndi mafunso atatu ndi thumba la kabichi. Lero ndimalisowa khonde lija.

Kumanda nkhani inali yovuta. Amayi anga, mlongo wawo wa malemuwo, ankafuna agone pambali pa agogo monga mwa mwambo wa mbumba yathu. Koma malume ankalambula manda a akazi awo chaka chilichonse, okha, kumapeto kwa nkhalango. Sanasiye mawu. Ndinakwiya nawo pang'ono, chifukwa ngakhale pa imfa anandisiyira funso.

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, koma ndinali ndisanawatsutsepo amayi. Miyendo ikunjenjemera, ndinaloza pafupi ndi manda a akazi a malume. Amayi anafunda chitenje kumutu n'kubwerera kunyumba.

Dzuwa litakwera anthu anadzaza. A ku Bwanje anafika pa njinga ndi matumba a mpunga, akudandaula kuzizira. Masana tinanyamula bokosi, kwaya patsogolo, ife pambuyo. Amayi sanandiyang'ane ngakhale poponya dothi, ndipo ndinkaopa kuti tsiku limodzi ndataya anthu awiri.

Madzulo nyumba inangoti zii. Ndinakhala pakhomo, mabenchi a tchalitchi atasanjikizidwa pabwalo. Amayi anatuluka n'kukhala pamphasa, patali pang'ono. 

"Malo aja pambali pa agogo ako atsala," anatero. "Amenewo ndi anga. Udzawalozere bwino adzukulu, usadzanjenjemere ngati lero."