Ovololo ya Jimu

Ntchito ya ku hositelo ya yunivesite anandipezera ndi a Mbewe, mkulu wa ku Dedza amene tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Ndinali nditathawa kumgodi, ndikugona kuseri kwa sitolo ina ku Fordsburg mu Joni, pasi yanga yondilola kukhala m'dzikomo itatha kalekale. "Bwera udzandithandize pa boyila, mphwanga," anatero. "Chifuwachi chandikana."

Nyumbayo inali yansanjika zitatu, yogonamo ophunzira achizungu okhaokha. Ife malo athu anali pansi, kuchipinda chotenthetsera madzi. A Mbewe anandiphunzitsa kuponya malasha ndi fosholo mowamwaza, osati kuwaunjika, kutokosa moto ndi chitsulo chachitali, kutulutsa phulusa pa wilibala, ndi kuyang'anitsitsa muvi wa geji kuti usafike pofiira. Madzi akangozizira pang'ono, ana a eni akewo ankamenya mapaipi ndi nsapato mpaka ife timve.

A Mbewe atabwerera kumudzi kukamwalira, bwana woyang'anira nyumbayo anandiponyera ovololo yawo. Pachifuwa panali posokedwa dzina lakuti Jimu. Ndinati ine ndine Lufeyo Kachere. "Wa boyila pano ndi Jimu," anayankha. A Mbewe nawonso dzinalo anachita kulipeza, atasiyiridwa ndi Mshangana wina dzina lake Sitoyi.

Tsiku limene limandiwawabe ndi la chikondwerero cha mbiri ya nyumbayo. Anasindikiza kabuku, anapachika mbendera, kunabwera madoda a mimba zawo amene anagonapo m'menemo kale. Ine ananditulutsa kudzenje kwanga, anandiimika pamasitepe fosholo ili m'manja. Wophunzira wina anawerenga mokweza kuti Jimu wokhulupirika wasonkha moto kuyambira tsiku lotsegulira nyumbayo, osadwalapo n'kamodzi komwe. Anthu anaomba m'manja. Nyumbayo inali yakale kuposa ine, koma palibe anadabwa.

Mtima unandiwira. Ndinapendekera kwa bwana uja n'kunena chapansipansi, "Bwana, a Jimuwa takhalapo atatu. Awiri malasha anawapha. Mulembe maina awo."

Iye, akumwetulira kwa wojambula zithunzi, anati, "Ukufuna tilembenso lako lenileni? Apolisi nawo amadziwa kuwerenga."

Ndinali ndi mkazi ndi khanda, ndipo ndinaopa. Wojambula atati ndiseke, ndinaseka. Manyazi amenewo sanandichoke mpaka lero.

Masana ake ndinatenga msomali n'kukanda maina atatu pakhoma kuseri kwa boyila: Sitoyi, Mbewe, Kachere. Patapita zaka anaika magetsi, boyila anaigulitsa ngati zitsulo zakutha, khoma analipaka utoto, ine anandiuza kuti ntchito yatha. Ophunzira akuda anali atayamba kulowa, koma pakhoma paja sanapeze choti awerenge.

Ndinaphunzira kuti dzina lako palibe angakusungire. N'chifukwa chake ana anga obadwira ku Joni kuno ndinawalowezetsa maina atatu aja. Chaka chatha mdzukulu wanga anapatsidwa chipinda m'nyumba yomweyo. Anandiimbira foni, "Agogo, chithunzi chanu chilipo pakhomo, mukuseka."

Ndinamufunsa chimene analemba pansi pake. "Alemba kuti Jimu, agogo," anatero.