Nyenyezi Zobwera, Tsiku Lotsanzikana ndi Amayi

Ndinanyamuka ku Lobi m'mamawa nkhungu itakuta mapiri, mwana wanga Tadala ali kumsana. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itatha, ndipo tsikulo malole ankanyamula anthu othawa nkhondoyo pa Dedza kuwabwezera kwawo. Amayi anga anali m'gulumo. Anali atanditumizira mawu: "Mwana ndi wa mbumba yathu. Ubwere ndi katundu wako, tipitire limodzi." Ine ndinangotenga matewera ndi mapichesi. Ndinakwatiwa kuno, koma kuwakanira amayi pamaso ndinali ndisanayeseko.

Pikapu ya matola inatilipiritsa makwacha asanu. "Mwanayo ndi waulere," anatero kondakitala, "koma akalira alipira." Mpaka pa Thete abambo awiri ankakangana za zipani mokuwa, nkhani zomwe kale tinkachita kunong'ona. Ine maso anali pa zala zanga.

Pa Linthipe anakwera asisiteri ochokera ku Kasina, ophunzitsa sayansi. Asisiteriwo atatsegula magazini, Tadala anagwira tsamba la chithunzi cha nyenyezi n'kuyamba kulikokera kukamwa. Manyazi anandigwira.

"Msiyeni, mayi, wasankha bwino," anaseka. "Uwu ndi Mlalang'amba, mzere woyera uja timauona kumwamba nthawi yozizira. Kalekale unameza timagulu ting'onoting'ono ta nyenyezi. Zomezedwazo zilipobe, zina zikuzungulira kufupi ndi pakati pake."

Sindidziwa kuti mawu ndinawapeza kuti. "Nanga amazizindikira bwanji, poti zinasakanikirana?"

"Zina mwa izo zimawala n'kuzilala, kuwala n'kuzilala, ngati kugunda kwa mtima. Akatswiri amayeza kugundako, n'kuona kumene ili ndi mmene ikuyendera. Akatero amadziwa kuti iyi inabwera ndi gulu lina."

"Ndiye kumwambako matipate anayamba kale!" anatero mmodzi wa abambo aja. Galimoto yonse inafa nazo.

Tinafika pa Dedza dzuwa lili pamutu, mphepo ikununkhira mitengo ya paini. Malole anali atadzaza malata, mitondo ndi nkhuku. Amayi ndinawapeza atakhalira thumba la nyemba. Anayang'ana manja anga, osati nkhope.

"Katundu ali kuti?"

Ndinagwada. "Ine nditsala, amayi."

"Akumeza anthu a kunowa. Mwanayu sadzadziwa n'komwe kuti kwawo n'kuti."

Lole inaliza injini, Tadala n'kudzidzimuka. Ndinamutsitsa n'kuyamba kumugogoda pamsana monga ndimachitira nthawi zonse: kawiri mofewa, kupuma, kenaka kamodzi, uku ndikung'ung'uza. Azilamu anga ku Lobi amandiseka nako kagogodedwe kameneka, amati palibe wina m'mudzimo amatero. Nditakweza maso ndinaona dzanja la amayi likuchita chimodzimodzi pa thumba lija, iwo osadziwa. Kenaka anaona manja athu onse awiri.

"Bweretsa kuno mapichesiwo," anatero pomaliza. "Nthanga zake ndikadzala. Akadzabereka, mudzabwere awirinu mudzadye."

Pobwerera ndinagula mbatata yokazinga, ndinaidya yozizira. Asisiteri aja sindinawaonenso. Koma mpaka pano ndikamagoneka Tadala ndimadzimvetsera: kawiri, kupuma, kamodzi. Dzulo ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe atabereka chitsononkho, akuchigogoda momwemo.