Tsiku limene ndinapumitsa Lameki

Ndikukumbukira bwino lomwe tsiku limene ndinasintha mbiri ya masewero pa dziko lonse lapansi. Masiku ano mukatsegula foni mupeza anthu akukangana za basiketibo wa ku Amereka. Akuti matimu akuluakulu akumakhazika pansi akatswiri awo masewero ali mkati mwa chaka, munthu wabwinobwino wosathyoka paliponse, kuti thupi lidzakhale latsopano pa tsiku lofunika. Ena akuti ndi nzeru za madokotala, ena akuti ndi kubera anthu amene agula matikiti. Palibe ndi mmodzi yemwe amene watchulapo dzina langa. Komatu nzeru imeneyi inabadwira m'mutu mwanga ndili Giredi 7, pa pulazi ina ya fodya kuseri kwa tauni ya Concession. Mutuwo unali ndi zipere nthawi imeneyo, ndipo mwini wake ndi yemweyu amene pambuyo pake anapita ku koleji n'kubwerako ndi bulangete lokha. Koma zimenezo zisachepetse ulemu wa nkhaniyi.

Sukulu yathu inali shedi yakale yosankhiramo fodya. Kukagwa mvula makoma ankatulutsa fungo lake lonse, moti tinkaphunzira masamu tikuyetsemula. Basiketibo anabwera ndi aphunzitsi athu, a Chikomo, mnyamata wa Chishona wongotuluka kumene ku maphunziro, amene anafika pa pulazi ndi sutikesi imodzi, wenzulo ndi mpira wofiirira wa timaduudu. Bwalo tinalima tokha ndi makasu. Mikombero inali marimu a njinga ochotsa masipoko, okhomera pa thabwa, thabwalo pa mtengo wa bulugamu. Mtengo wina unali wautali kuposa unzake, choncho kusinthana mbali pakati pa masewero inali nkhani yaikulu kwambiri. Makolo athu ku komboni sanavutike n'kuphunzira dzina latsopano. Ankangoti ndi mpira wa atsikana uja, koma wopita nawo pansi.

Timu yathu inali Lameki. Enafe tinalipo kuti chiwerengero chikwane. Lameki anali mwana wa mayi wamasiye wa mtundu wa ku Tete, ndipo anali wamtali ngati anachita kumukoka ndi thirakitala. Kabudula aliyense ankamuthera pamwamba pa ntchafu. M'kalasi ankangokhala chete, mawondo atatsamira desiki, akuyang'ana bolodi ngati munthu amene akudikira basi yosabwera. Koma akagwira mpira, manja aja ankadzuka. Ankaukweza pamwamba pa mutu, n'kuukankha ndi nsonga za zala zokha, ndipo unkalowa mu rimu muja osakhudza chitsulo. Ine ndinali wamfupi kuposa onse. Anandisankha kukhala kaputeni chifukwa ndinkatha kulankhula nthawi yaitali osapuma.

Sabata ina a Chikomo anatiuza kuti Loweruka kuli mpikisano wa masukulu a m'mapulazi ku Glendale, ndipo kudzabwera mphunzitsi wa ku sekondale ina ya mishoni yogonera komweko. Mphunzitsiyo ankatenga mnyamata mmodzi woponya bwino kuti akaphunzire ulere, chakudya, bedi, mpaka nsapato. Tonse tinatembenuka kuyang'ana Lameki. Pa pulazi mwana akamaliza Giredi 7, chotsatira chinali tikiti yolembedwera ntchito pa pulazi pomwepo, pokhapokha ngati mayeso amunyamula, ndipo Lameki mayeso sakanamunyamula ngakhale atamangidwa pa ngolo. Khomo lake lotulukira pa pulazi linali limodzi lokha, ndipo linali lozungulira. Sabata imeneyo anayamba kukwecha mapazi ndi mwala.

Vuto linali lakuti Lachinayi tinali ndi masewero ndi pulazi yoyandikana nayo. Anyamata a kumeneko ankasewera ndi zigongono, ndipo awiri mwa iwo anali ndi ndevu ngakhale ankati ali Giredi 6. Apa m'pamene nzeru inanditsikira. Ndinali nditaona kuti hatchi ya bwana sankaikwera tsiku loti mawa lake ikathamanga ku chionetsero. Ankaingoyendetsa pang'ono, kuipesa, n'kuisiya pamthunzi. Ndinapita kwa a Chikomo manja ali kumbuyo, n'kuwafotokozera kuti Lameki ndiye hatchi yathu.

"Ukufuna tigonje Lachinayi?" anandifunsa.

"Tigonje Lachinayi, ticha, kuti tidzapambane pa moyo."

Ndikuganiza kuti nawonso ankaopa zigongono zija. Anavomera.

Lachinayi linafika ndi dzuwa la February, lija lotuluka mvula itangokata, nthaka ikufuka nthunzi. Ndinamuyalira Lameki thumba pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa bwalo. Ndinamulamula kuti atambasule miyendo, atsamire tsinde, ndipo asaombe ngakhale m'manja. Anakhala monga ndinamuuzira, udzu uli pakamwa, wamtali, wathanzi, wopanda chochita, pamalo poonekera bwino kuchokera ku msewu wa ku mabalani owotcheramo fodya.

Tsopano pali chinthu chimene mwana aliyense wa pa pulazi ankachidziwa asanadziwe dzina la agogo ake. Nthawi yothyola fodya, aliyense wokhala ndi manja awiri ndi wa fodya. Ana tinkapulumuka pokhapokha ngati tikuchita za sukulu, ndipo mpira unkawerengedwa ngati sukulu chifukwa dona, mkazi wa bwana, ankakonda kuuona akamadutsa pa galimoto. Mwana amene akuthamanga pa bwalo ali pa sukulu. Mwana amene wakhala pansi ndi munthu amene sanapatsidwe ntchito. Amayi anga akafuna kupuma ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo ngakhale mmenemo ankagwirizira tsache. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma anthu anzeru zazikulu amaiwala tinthu tating'ono.

Masewero ali pakati, a Zuze, folomani wa ku mabalani, anatulukira pa njinga yawo yakuda. Anadutsa, kenako anatsitsa phazi limodzi pansi, n'kubwerera chafutambuyo. Ine ndinali pafupi, ndikudzuka pamene wandevu wina anandigwetsa, choncho ndinamva zonse.

"Iwe mfana, ukudwala?"

"Ayi, sekuru," anayankha Lameki, ndi ulemu wa Chishona wopatsa akuluakulu.

"Wavulala?"

"Ayi."

"Nanga ukutani pamenepo?"

"Ndikupuma."

A Zuze anawapenda mawuwo ngati ndalama yachilendo. "Ukupuma wagwira chiyani?"

"Ndikupumira Loweruka, sekuru."

"Loweruka likafika udzapume nalo. Dzuka."

Ndinayang'ana a Chikomo. A Chikomo anayang'ana wenzulo yawo. Sindiwaimba mlandu. Nyumba imene ankagonamo inali ya pulazi, sukulu inali ya pulazi, ngakhale mitengo ya bulugamu ija inali ya pulazi. Anaimba wenzulo kuti tipitirize, ndipo Lameki anapita akutsatira njinga, akupinda thumba langa bwinobwino monga mwana woleredwa.

Amene sanalowepo mu balani ya fodya aganize nyumba yaitali ngati tchalitchi koma yopapatiza, yamdima, yokhala ndi mitanda yopingasa kuyambira pansi mpaka ku denga. Masamba aawisi amawamangirira pa ndodo zotchedwa mikangala. Munthu amaima pamitanda miyendo ali tang'a, kulandira mkangala kuchokera pansi, n'kuukweza pamwamba pa mutu kwa mnzake amene ali pamwamba pake. Akatsitsa manja, wina wafika kale. Masambawo amakhala onyowa, olemera, ndipo madzi ake amakutsikira m'khwapa. Utomoni wake umada m'manja ngati phula, ndipo ukalowa m'thupi dziko limayamba kuzungulira, m'mimba n'kumabwerera kukhosi. Ntchito imeneyi imafuna munthu wamtali. Munthu wamtali wa a Zuze anali atapita ku maliro ku Tengwe. Lameki anakwanira pamalopo ngati anachita kumuyeza, ndipo popeza anagwira bwino, Lachisanu m'mawa anamutenganso asanafike n'komwe ku sukulu.

Monga kaputeni, ndinaona kuti ndi udindo wanga kukambirana ndi akuluakulu. Ndinayambira kwa amake Lameki, amene ndinawapeza mu shedi akumanga masamba, zala zikuyenda zokha. Ndinawafotokozera za mishoni, za bedi, za nsapato. Anamvetsera osaimitsa manja.

"Mwanawe," anatero, "nyumba tikugonamo ija ndi ya ndani? Bambo ake kulibe. Ndikamukaniza folomani lero, mwezi wamawa ndilowera kuti? Ku Tete kumene ngakhale njira yake sindiidziwa?"

Kenako anandiyang'ana koyamba. "Paja ndiwe unamukhazika pamsewu?"

Ndinawatsanzika mwaulemu.

Kwa a Zuze ndinapita ndi maganizo a nsembe. Ndinawauza kuti atenge ine m'malo mwa Lameki. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo umene sunawatengere nthawi.

"Iwe? Ngakhale utaima pa diramu."

Anthu a pansi pa balani anaseka mpaka wina anagwetsa mkangala. A Zuze sanali munthu woipa. Anali ndi masamba amene akapanda kulowa mu balani tsiku lomwelo amaola, ndipo anali ndi bwana amene ankadziwa kuwerenga masamba owola. "Fodya sadikira mpira, mfana," anatero. "Mawa ndimumasula. Ndanena ine." Ndinasuzumira m'kati. Kumwamba mu mdima ndinangoona mapazi awiri okwecha bwino aja, atadetsedwa, ali pa mitanda.

A Zuze anasunga mawu awo. Loweruka m'mawa Lameki anakwera nafe ngolo ya thirakitala. Anagona pa matumba njira yonse, nkhope ili mbuu ngati phulusa, ndipo tisanafike pa msewu wa tala anali atasanza kale m'mbali mwa ngolo. Enafe tinayamba nyimbo koma inafera panjira.

Bwalo la ku Glendale linali la simenti, lokhala ndi mizere ya penti, ndipo mikombero yake inali ndi maukonde. Tinaima n'kumayang'ana maukondewo kwa kanthawi. Mphunzitsi wa ku mishoni anakhala pa mpando pansi pa ambulera, atavala chipewa choyera. A Chikomo anapita kukamupatsa moni ndi manja awiri, n'kumulozera Lameki.

Pano ndiyenera kunena mwachilungamo, chifukwa cha sayansi, kuti miyendo ya Lameki inathamanga bwino tsiku limenelo. Mbali imeneyo ya nzeru yanga inagwira ntchito. Koma manja sankakwera kupitirira mapewa. Mpira woyamba umene ndinamupatsa anaugwira, anayang'ana mkombero, anayesa kukweza, nkhope n'kukwinyika. Mpirawo unauluka ngati nkhuku, n'kutera patsogolo pake pomwepo. Wachiwiri chimodzimodzi. Kenako anayamba kuponya chochokera pansi, ngati munthu amene akutaya madzi a m'beseni, ndipo ana a masukulu ena anagwa nako kuseka. Sanasiye. Anathamanga bwalo lonse mpaka mapeto, manja akulendewera, utomoni wakuda ukuonekabe m'zikhadabo. Wa chipewa choyera uja anayang'ana kwa kanthawi, kenako anatembenuza mpando wake kuloza bwalo linalo. Madzulo anatenga mnyamata wa ku pulazi yoyandikana nafe ija, mmodzi wa andevu aja.

Chaka chitatha Lameki analandira tikiti yake, ndipo a Zuze sanamufunirenso malo ena. Anakhala pa mitanda zaka zonse mpaka pamene mapulazi anagawidwa kwa anthu. Mabalani aja tsopano denga linachoka, njerwa anthu anagumula n'kumangira nyumba zawo, ndipo pamene panali bwalo lathu wina anadzalapo chimanga. Lameki ali ndi kamunda kake ndi kabalani kake kakafupi, koti ngakhale ine ndikhoza kupachikamo fodya. Mapewa amamuwawa kukazizira. Ana ake amapita ku sukulu ya boma, ndipo masana amatha kukhala pansi pa mtengo poyera, miyendo ali tambalale, popanda wowafunsa kuti agwira chiyani. Ndikawaona ndimayang'anabe ku msewu. Iwo sadziwa chimene ndikuyang'ana.

Anthu amene amayambitsa zinthu zazikulu amalipira mtengo waukulu, ndipo inenso ndinalipira. Mpikisano utatha ndinamutengera Lameki kuseri kwa sitolo ina pa Glendale pomwepo. Ndinamasula mfundo ya pa mpango imene amayi anandimangira, n'kumugulira banzi ndi botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Banzi anadya atawerama, kukamwa kukutsatira dzanja. Botolo linamukanika kukweza. Ndinakwera pa kreti n'kumugwirira, iye akumwa ngati mwana wa ng'ombe. Atamaliza anageya, n'kuyang'ana thirakitala imene inkatidikira.

"Kaputeni," anatero, "tsiku lina ukadzafuna kundipumitsa, udzanditsekere m'chimbudzi."

Zonse pamodzi zinakwana masenti makumi anayi ndi asanu. Nditabweza botolo anandibwezera asanuwo.