Chiperoni cha a Matewere ndi Aneni Awo

Fungo la jekete yonyowa limandikumbutsa chiperoni cha chaka chomwe a Matewere ankafunsira amayi. Bambo anali atamwalira, ndipo tinkakhala ku Nancholi, m'nyumba ya malata odontha pakona. A Matewere ankagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni. Loweruka lililonse ankafika nsapato zili matope okhaokha, n'kukhala pampando wa bambo osaupatsidwa, n'kutulutsa buku lothaitha lomwe anagula m'mbali mwa msewu ku Limbe. Linali la chinenero cha Aiguputo akale.

Ankatikhazika pamkeka, ine ndi mlongo wanga Yohane, kuti atiphunzitse aneni. Anajambula khutu la ng'ombe pachikatoni n'kutiuza kuti limeneli ndi sejemu, kutanthauza kumva. Ukawonjezera chilembo cha efu kumapeto, ndiye kuti mwamuna akumva. Ukalowetsa chilembo cha eni pakati, ndiye kuti anamva kale. Tinkabwereza mano akugundana ndi kuzizira, iwo akumwa tiyi wathu ndi kumaliza mbatata yonse, maso ali kukhitchini kuona ngati amayi akuwasirira. Nditawafunsa kuti amalankhula chinenerochi ndani, anati onse anafa kalekale, ndipo ananena monyada ngati anawaika okha m'manda.

Amayi ankangowapirira. Anali atatopa, komanso anthu ankawauza kuti mkazi wamasiye wa ana awiri sakana bambo wovala tayi.

Loweruka lina kunabwera azimayi awiri akutchalitchi kudzacheza. Nkhungu inali itameza phiri la Soche, mvula yowaza ikunong'ona pamalata. Amayi anasangalala, ndipo monga ankachitira akasangalala, Chinyanja chawo chinayamba kusakanikirana ndi Chilomwe cha makolo awo ochokera ku Mozambique. A Matewere anaseka, n'kuuza alendowo kuti Aiguputo ankasamala mneni aliyense, osati kumangobwebweta chonchi.

"Musadandaule," anatero, "ndikawakwatira ndiwaphunzitsa kulankhula ngati anthu."

Alendo aja anangoyang'ana m'makapu mwawo. Amayi anadzuka n'kutsegula chitseko, mphepo yozizira n'kulowa. Analankhula m'Chilomwe kaye, mosathamanga, kenako anabwereza m'Chinyanja.

"Bambo Matewere, maminibasi akutha. Loweruka likubwerali musavutike kubwera."

A Matewere anaima pakhomo n'kumafotokoza kuti zinali zocheza chabe. Tinawaona akutsika kanjira koterera, buku lili m'khwapa, akugwira mpanda wa anthu kuti asagwe.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti aneni aja a Matewere ankangowapeka, ndipo amayi anawathamangitsa chifukwa cha bodza. Nditakula ndinafufuza, n'kupeza kuti zonse anatiphunzitsa zinali zoona. Sizinawakweze m'maso mwanga ngakhale pang'ono. Ndinangomvetsa kuti amayi anasankha kutilera okha, m'nyumba yodontha, kusiyana ndi kukhala ndi munthu amene ankawerenga kuti apeze womupeputsa.